Mphete Imene Inasowa pa TV

Dzuwa linafika pamutu buledi adakali thoo pashelefu. Mayi a Belu anakhala kuseri kwa zenera logulitsira, dzanja lili patsaya, akuyang'ana anthu odutsa mumsewu. Kale nthawi ngati imeneyi buledi amakhala atatha, iwo akutsuka malata uku akuimba. Tsopano anthu omwe ankalimbirana pazenerapo m'mamawa ankalambalala, maso ali kwina, ngati zeneralo linawatukwana.

Mayi wa saluni, kasitomala wa zaka zambiri, anadutsa mothamangira.

"Asisi, lero simugula?" anafunsa mayi a Belu.

"Ayi, ana asiya kumwa tiyi masiku ano," anayankha osaima.

Koma m'chikwama chake munkasuzumira pepala lachikasu, lija amakulungira buledi wa kampani yaikulu. Mayi a Belu analiona. Mtima unawawawa.

Zonsezi zinabwera ndi TV. Tsiku lina kunafika mtolankhani wosekerera ndi mnzake wonyamula kamera. Anati akukonza nkhani ya anthu ophika buledi m'makomo. Mayi a Belu anakondwa kwadzaoneni. Anasintha diresi, anavala epuloni yatsopano, nafotokoza zonse: mmene anayambira ndi lata limodzi, mmene anasungira pang'onopang'ono mpaka kugula uvuni wachitsulo, ndiponso mmene uvuniwo ukuphunzitsira mwana wawo kusekondale. Anawajambula akuotcha, akusamba m'manja, akukanda ufa. Alendowo pochoka anapatsidwanso buledi wotentha wa m'njira. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Madzulo a tsiku loulutsa nkhaniyo, pabalaza panadzaza. Oyandikana nawo anabwera ndi mipando yawo. Bambo a Belu, omwe ndi kalipentala, anakhala pampando wawo wapakati, rimoti ili m'manja. M'nyumbamo rimoti inali ya iwo okha, ndipo inali ndi lamulo lake. Nkhani zikangoduka kuti otsatsa malonda alowe, iwo ankazimitsa TV.

"Sindingagulire mayunitsi a magetsi anthu ofuna kundigulitsa sopo," ankatero.

Ankadikira kanthawi akuyang'ana kudenga, n'kuyatsanso. Ankayatsa nkhani zitayamba, ankazimitsa zisanatheretu. Kumbali mwana wawo Belu ankawatchula kuti a Zimitsani.

Wowerenga nkhani anaoneka, nkhope ili ndwii. "Kodi buledi amene ana anu akudya ndi wotetezeka?" Panaoneka mulu wa zinyalala, ntchentche zili ng'waa. Kenako panaoneka zenera lobiriwira limene aliyense pabalazapo ankalidziwa. Kenako mayi a Belu, akupukuta thukuta pachipumi ndi dzanja. Nthawi yomweyo manja omwewo anaoneka ali mu ufa, akukanda. Pomaliza panabwera bambo wa jekete loyera, pansi pake atalemba kuti katswiri wa zakudya. Iye anati buledi wosakulungidwa ndi msampha wa matenda, ndipo kholo lokonda ana ake ligule wa m'pepala basi.

Mawu a mayi a Belu sanamveke ngakhale amodzi.

Pabalaza wina anatsokomola. Wina anakumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Mipando inatuluka umodziumodzi, mpaka panatsala anthu atatu ndi manyazi awo.

"Ine ndinasamba m'manja," anatero mayi a Belu. "Bambo a Belu, mukundidziwa. Ndinasamba."

"Ndikukudziwani, mayi a Belu. Ndinu aukhondo kuposa munthu aliyense mumsewu uno. Koma TV ili ndi maso. Tonse taona. Mwina tsiku limenelo munasokonezeka ndi kamera."

Mawu amenewo anapweteka kuposa nkhani ija. Masiku otsatira mayi a Belu ankayang'ana manja awo ngati a munthu wina. Anthu onse aona, amuna awo aona, ndiye iwo ndi ndani kuti atsutse? Buledi atauma pashelefu kangapo, anapita kwa wowotcherera zitsulo wa pakona n'kumuuza kuti atenge uvuni. Iye anati audula n'kupangira zitseko, ndipo adzabwera ndi ngolo Loweruka.

Belu anamva zimenezi ali kuchipinda. Dzina lakelo anamupatsa chifukwa mawu ake amamveka msewu wonse, koma sabata imeneyo belu linasiya kulira. Ankadziwa kuti uvuni ukachoka, sukulu yake itsatira. Kusukulu nakonso kunalibe mtendere. Mnyamata wina wa m'kalasi mwake, amene ankamutcha Kaphokoso, akangomuona ankapukuta chipumi n'kuyamba kukanda desiki. Kalasi yonse inkafa ndi phwete.

Amene anapeza Belu akulira kuseri kwa laibulale ndi aphunzitsi a sosho. Ophunzira ankawatcha a Wanenandani, chifukwa ukawauza kanthu kalikonse, ngakhale kuti kunja kukugwa mvula, funso lawo linali lomwelo. Anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Nkhaniyo ndinaionera," anatero. "Ili pa intaneti. Ukandilola, mawa tiionere limodzi m'kalasi."

"Kuti andiseke bwino, aphunzitsi?"

"Akuseka chifukwa anaiona kamodzi, ikuthamanga. Ine ndikufuna aione pang'onopang'ono. Sindikulonjeza kuti tipeza zokusangalatsa. Koma ukakana, sindiionetsa."

Belu anaganiza za Loweruka. Anapukuta misozi n'kuvomera.

M'mawa mwake aphunzitsi analumikiza kompyuta yawo ku TV ya sukulu. Nkhani inadutsa yonse, ena akuseka chamumtima.

"Mwaona chiyani?"

"Taona mayi akupukuta thukuta n'kugwira ufa osasamba," anayankha Kaphokoso.

"Wanena ndani kuti sanasambe?"

"Palibe wanena, aphunzitsi. Taona ndi maso."

"Chabwino. Tionerenso, koma tsopano ndatseka mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Popanda mawu a wowerenga nkhani, zithunzizo zinaoneka zachilendo. Aphunzitsi anaimitsa pa mulu wa zinyalala uja. "Awa ndi malo ati?"

Kaphokoso anaweramira kutsogolo, natsinzinira. "Aa! Aphunzitsi, khoma ilo ndi la kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndimadutsa pamenepo tsiku lililonse. Kwa a Belu n'kutali ndi kumeneko!"

"Ndiye zinyalala za kudepoti zikufuna chiyani pazenera la anthu?"

Kusekako kunali kutatha.

Aphunzitsi anapitiriza, naimitsa pamene dzanja linali pachipumi. Anasunthira patsogolo pang'ono, naimitsanso pamene manja anali mu ufa. Anabwerera, napitanso. Mwadzidzidzi mpando unagwa kumbuyo. Belu anali ataimirira, akuloza pa TV.

"Mphete! Aphunzitsi, mphete!"

"Yatani mphete?"

"Apo akupukuta thukuta, mphete ili pachala. Apo akukanda, palibe! Amayi sagwira ufa ndi mphete. Amaivula, amaiika m'kapu pawindo, amasamba ndi sopo, ndiye amakanda. Tsiku lililonse amatero!"

Aphunzitsi anabwereza zithunzi ziwirizo. Mphete ilipo. Mphete palibe. Kalasi yonse inati kukamwa yasa. Mtsikana wina wakutsogolo anagwira m'mutu. "Ndiye kuti anadula pakati? Amaloledwa kutero?"

"Nkhani iliyonse ya pa TV imadulidwa," anatero aphunzitsi. "Akajambula ola lonse, amaonetsa kachidutswa. Kudula si mlandu. Koma wodulayo ndi munthu, ndipo amasankha chotsala ndi chotaya. Akaika chithunzi ichi pafupi ndi icho, mutu wanu umazilumikiza wokha. Palibe ananena kuti mayiwa sanasambe. Munadziuza nokha."

Kaphokoso anayang'ana pansi. Manja amene ankakanda nawo desiki anawabisa m'matumba.

"Tsopano yatsani makutu," anapitiriza aphunzitsi. "M'nkhaniyi walankhula ndani?"

"Wowerenga nkhani ndi katswiri."

"Nanga amene sanalankhule?"

"Amayi ake a Belu."

"Ndi ena?"

"Ogula buledi," wina anatero. "A zaumoyo," anawonjezera wina. "Ndipo sanaonetse munthu ngakhale mmodzi amene anadwala!"

"Eya. Munthu akamaweruzidwa pakamwa pake patatsekedwa, muzidabwa. Funso lotsala ndi ili: anthu akaikhulupirira nkhaniyi, adya bwino ndani? Yankho sindikupatsani. TV ndi bizinesi ngati golosale. Kamera, magalimoto ndi malipiro a atolankhani zimafuna ndalama, ndipo zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda. Homuweki yanu ndi iyi: lero madzulo muonere nkhani, koma maso anu akhale pa malonda. Muone amene amatsegula, amene amalowa pakati, ndi amene amatseka."

Belu anaseka koyamba sabata imeneyo. "Aphunzitsi, kwathu malonda sitinawaonepo."

Madzulo, nthawi ya nkhani isanakwane, Belu anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake. Poyamba anafotokoza za mphete. Mayi ake anaima pakhomo la khitchini, nayang'ana chala chawo.

"Ndinavuladi," ananong'ona. "Mayo ine, ndinavuladi! Ndimayesa ndapenga."

Bambo a Belu anakanda m'mutu. "Mwina analakwitsa podula. Anthu ophunzira ngati amenewo angamunamizire chiyani munthu wosauka?"

"Ababa, ndili ndi pempho. Lero yatsani msanga, ndipo musazimitse pa malonda."

"Iwe, mayunitsi amagula ndi iwe?"

"Ndi homuweki, ababa."

Pa nkhani ya sukulu bambo a Belu sankatsutsa. Anayatsa, akung'ung'udza kuti aphunzitsi a masiku ano akupatsa ana ntchito yotha magetsi a makolo.

Nyimbo yotsegulira inalira. Panaoneka buledi wamkulu akuzungulira m'pepala lachikasu, ndipo mawu okoma anati nkhanizi zikukufikirani mothandizidwa ndi kampani imene imakonda ana anu. Mayi a Belu anakhala pansi pang'onopang'ono. Bambo a Belu anasiya kung'ung'udza.

Pakati pa nkhani panali gawo lachiwiri la ophika buledi m'makomo. Lero anali bambo wina wa kutsidya kwa njanji. Katswiri wa jekete loyera anabweranso ndi mawu ake omwe aja. Kenako wowerenga nkhani anati tipumule kaye. Chala cha bambo a Belu chinapita chokha pabatani, koma Belu anagwira dzanja lawo.

Panaoneka khitchini yowala, ana akuvina mozungulira tebulo. Chitseko chinatseguka, ndipo analowa bambo wa jekete loyera, atanyamula buledi wachikasu, akumwetulira mpaka mano onse panja.

Rimoti inagwa pansi, mabatire n'kumwazika.

"Si yemweyu?" anakuwa bambo a Belu. "Mayi a Belu, taonani dazi! Taonani magalasi! Si katswiri uja ameneyu?"

"Ndi yemweyo," anatero mayi a Belu, dzanja lili pakamwa. "Ngakhale jekete sanasinthe."

"Ndiye kuti amatiopseza m'nkhani, n'kudzatigulitsa m'malonda? Ndipo ine zaka zonsezi ndimazimitsa pomwe pali yankho!"

Bambo a Belu anaimirira mwaukali. Anati TV imeneyi ituluke m'nyumba muno. Anati mawa atenga hamala apite kumene amaulutsira akafunse bwinobwino. Anati kuyambira lero chilichonse chotuluka m'bokosi limeneli ndi bodza, ngakhale za nyengo. Munthu yemweyo amene masiku apitawo ankati TV ili ndi maso, lero ankati ili ndi nyanga.

M'mawa mayi a Belu anabisa hamala m'thumba la ufa, ndipo onse atatu anapita kusukulu. Aphunzitsi anawalandira m'kalasi yopanda anthu, nawakhazika pamadesiki. Bambo a Belu anakhuthula zonse, mawondo akugunda desiki yaing'onoyo.

"Ukali wanu ndi womveka, bambo," anatero aphunzitsi. "Koma tiyeni tisiyanitse zimene tikudziwa ndi zimene tikungoganiza. Wanena ndani kuti kampani inalamula atolankhani kuti achite zimenezi?"

"Zikuonekeratu!"

"Mwina inalamula, mwina ayi. Sitinaone. Nthawi zina palibe amalamula. Mkonzi amangodziwa kumene malipiro ake amachokera, ndiye nkhani yosangalatsa wolipirayo imadutsa mosavuta, yomukwiyitsa imatsala m'kabati. Chimene tikudziwa n'chakuti kampani yogulitsa buledi imalipirira nkhanizi. Tikudziwa kuti katswiri uja ndi wa kampaniyo, ndipo sanatiuze. Tikudziwa kuti anadula kusamba m'manja, anabwereka zinyalala za kwina, ndipo mayiwa sanawapatse mpata. Zimenezi n'zokwanira kuti nkhaniyi tisaimeze yonse."

"Ndiye ndi bodza basi."

"Dikirani. Kodi onse ophika buledi m'makomo ndi aukhondo?"

Mayi a Belu anapukusa mutu. "Ayi, aphunzitsi. Alipo ena oti ine sindingadye buledi wawo."

"Mwaona? Nkhani yokondera ikhoza kukhala ndi choona m'kati. Mukataya TV, mudzamva kuti za katemera, za chigumula, za mayeso a mwanayu? Dzulo munkameza zonse, lero mukufuna kulavula zonse. Njira zonse ziwirizo n'zosaganiza. Tifunse munthu wodziwa za ukhondo amene sagulitsa buledi. Itanani mlangizi wa zaumoyo adzayendere khitchini yanu."

Mayi a Belu anayang'ana manja awo. "Nanga akapeza cholakwika?"

"Mudzakonza. Kuli bwino kumva cholakwika chenicheni kusiyana n'kulirira chongopeka."

Mlangizi wa zaumoyo anabwera tsiku lomwelo masana. Anali mayi wosaseka, wa nsapato zafulati. Anasuzumira pansi pa tebulo, ananunkhiza nsalu zopukutira, anatsegula ndowa ya madzi, anayang'ana zikhadabo za mayi a Belu. Anaona kapu ya pawindo n'kufunsa ntchito yake. Atamva za mphete, anagwedeza mutu.

"Khitchini yanu ndi yaukhondo, mayi. Koma zinthu ziwiri sizili bwino. Matumba a ufa asagone pansi, akhale pathandala. Ndipo zenera logulitsirali likufunika waya wotchinga ntchentche."

Ananyamula thumba limodzi kuti aone pansi pake, ndipo hamala inagwa, yoyera ndi ufa. Anayang'ana hamala, nayang'ana mayi a Belu.

"Ichinso chichoke mu ufa."

"Ndi yanga imeneyo," anatero bambo a Belu mwamanyazi. "Yapezeka pa nthawi yake."

Hamala imene inkafuna kupita kwa atolankhani inagwira ntchito yabwino. Dzuwa lisanalowe thandala linali litakhomedwa, ndipo zenera lobiriwira linali ndi waya watsopano ndi kachitseko kotulutsira buledi. Mlangizi anabweranso m'mawa mwake, anayendera, napereka chiphaso cha ukhondo. Bambo a Belu anachipangira felemu n'kuchipachika pamene aliyense wodutsa angachione.

Koma chiphaso pachokha sichikanabweza anthu, chifukwa anthuwo sankayang'ananso kuzenerako. Lachisanu kusukulu kunali msonkhano wa makolo, ndipo aphunzitsi anapempha ahedi kuti kalasi yawo ionetse zimene yaphunzira. Holo inadzaza. Mayi wa saluni anali pamzere wachiwiri.

Amene anaima kutsogolo anali Kaphokoso. Anapempha yekha ntchitoyo.

"Makolo, ine ndine ndinkaseka kwambiri," anatero. "Tsopano muone zimene ndinkasekazo."

Anaonetsa nkhani ija popanda mawu. Pa mulu wa zinyalala anafunsa ngati alipo akudziwa khomalo. Kondakitala wina kumbuyo anakuwa kuti ndi kudepoti kwawo. Kenako Belu anatenga ndodo yolozera. Mawu ake anali atabwerera, ndipo sanafune maikolofoni.

"Yang'anani chala ichi. Mphete ilipo. Yang'ananinso. Yapita kuti?"

Holo inayamba kuwira. Pomaliza anaika zithunzi ziwiri pamodzi: katswiri wa m'nkhani kumanzere, bambo wa m'malonda kumanja.

"Aaa!" anthu anakuwira pamodzi.

"Ndi mapasa kapena?" wina anafunsa, ndipo ena anaseka, koma kuseka kwa anthu amene azindikira kuti apusitsidwa.

Mayi wa saluni sanaseke. Anaimirira, maso ali tong'o. "Ine TV imayaka tsiku lonse musaluni mwanga. Malonda amenewa ndawaona kambirimbiri. Nkhani ija ndinaionanso. Bwanji sindinazindikire kuti ndi munthu mmodzi?"

"Chifukwa pa malonda timakhala tcheru, podziwa kuti akufuna ndalama zathu," anayankha aphunzitsi. "Koma nyimbo ya nkhani ikalira timatsegula zitseko zonse. Sitikunena kuti buledi wachikasu ndi woipa. Gulani amene mukufuna. Koma musankhe ndi mutu wanu, osati ndi mantha amene wina wakugulirani."

Mlangizi wa zaumoyo nayenso analankhula mwachidule. Anati buledi wabwino sadziwika ndi pepala, amadziwika ndi khitchini imene wachokera, ndipo wokayika afunse chiphaso, kaya n'kwa wophika wamng'ono kaya n'kukampani. Makolo anagwirizana kuti sukulu ikadandaule kwa oulutsa nkhaniwo, ndi kupempha kuti katswiri aliyense azinenedwa kumene amagwira ntchito.

Loweruka m'mawa wowotcherera zitsulo anafika ndi ngolo yake ndi zingwe. Anavutika kupeza poimika, chifukwa pazenera panali mzere. Patsogolo penipeni panali mayi wa saluni.

"Ana ayambiranso kumwa tiyi?" anafunsa mayi a Belu, akutulutsa buledi pakachitseko.

"Asisi, musandichititse manyazi. Ndinalakwa. Ndipatseni awiri."

Wowotcherera anasuzumira pawaya. "Mayi, ndabwerera katundu uja."

"Pepani achimwene, mwavutika ulendo. Uvuni uli pamoto. Mukaunyamula mupsa."

"Ndibwere ukazizira?"

"Uwu suziziranso," anatero mayi a Belu. Anamupatsa buledi wotentha wa m'njira, ndipo ngolo inabwerera yopanda kanthu.

Oulutsa nkhani sanapepese. Koma patapita nthawi bambo wa jekete loyera anaonekanso m'nkhani, ndipo pansi pake panali patalembedwa dzina la kampani imene amagwirako ntchito. Belu anaimba m'manja. Mayi ake anangomwetulira, akutembenuza mphete pachala.

Masiku ano m'nyumbamo TV imayaka nyimbo yotsegulira isanalire. Mayunitsi amathadi msanga, ndipo bambo a Belu amadandaulabe. Koma malonda akalowa amaweramira kutsogolo ngati akuyeza thabwa.

"Belu, uyu wa feteleza ndi amene wathandiza nkhani za lero. Ndiye nkhani ya ulimi ija tiifunsenso kwina."

Phunziro lake ndi ili. Nkhani ya pa TV imapangidwa ndi anthu, ndipo pali amene amailipirira. Musaimeze yonse, musaitayenso yonse. Mukamaonera muzifunsa kuti walankhula ndani, amene sanapatsidwe mpata ndani, chadulidwa n'chiyani, ndipo mukakhulupirira apindula ndani. Nkhani ikakhudza thanzi lanu, ntchito yanu kapena mbiri ya mnzanu, kafunseninso kwa munthu amene alibe chokugulitsani. Aphunzitseni ana mafunso amenewa, ndipo akabwera nawo kunyumba, muwamvere. Kwa a Belu mafunso amenewa ndi amene anasunga moto mu uvuni ndi mwana pasukulu.